Maluwa a ku Dedza Pansi pa Malata

Ndikukumbukira bwino lomwe kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili mu Sitandade 5, pamene ndinapha maluwa a pansi pa mbendera pa sukulu ya kwathu ku Iponga, m'boma la Karonga. Mawu akuti "ndinapha" ndawalemba mwadala. Kwa zaka zambiri, ndikamafotokoza nkhaniyi, ndinkanena kuti maluwawo anafa, ngati kuti anafa okha. Tsopano ndakalamba, ndipo onse amene nkhaniyi ikanawaika m'mavuto anatsogola kale, choncho ndaona kuti n'koyenera kuilemba monga momwe inachitikira.

Ndiyenera kudziwitsa owerenga amene sanafikepo kwathu kuti dera lathu ndi lotentha. Ndi chigwa cha mpunga, nthochi ndi ng'ombe, ndipo mtsinje wa Songwe, umene uli malire a dziko lathu ndi Tanzania, suli kutali. Chimene ife timachitcha chisanu m'miyezi ya Juni ndi Julaye, munthu wa kumapiri angachitche kamphepo chabe. Komabe kwa ife chimaluma. Mwera ukawomba, ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa, ndipo akuluakulu amatulutsa majekete amene anagona m'sutikesi chaka chonse. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa zimene zikutsatira.

Bambo anga, a Mwakalenga, amene panyumba tinkawatcha Tata, anali wantchito wa pasukulupo. Komiti ya sukulu inawalemba kuti azisesa bwalo, azikonza mipanda ndi kusamalira zomera. Kulemba sanaphunzire, koma nthaka ankaidziwa. Mayi anga anabadwira kutsidya kwa Songwe ndipo kuno anabwera ndi ukwati. M'masiku amenewo a chipani chimodzi, chimenechi sichinali chinthu chonena mokweza. Munthu wokhala ndi abale kutsidya ankayang'anidwa kawiri, ndipo khadi lake la chipani ankalisunga pamalo osavuta kufikapo.

Mphunzitsi wamkulu anali a Chimphonda, ochokera ku Dedza. Anali munthu wamtali, wofatsa, wovutika kwambiri ndi kutentha kwa kwathu, moti kansalu kopukutira thukuta sikankachoka m'manja mwawo. Ankakonda maluwa monga momwe anthu a kwathu amakondera ng'ombe. Chaka chawo choyamba anabweretsa timitengo ta maluwa ofiira ochokera kwawo, amene ankawatcha majereniyamu, n'kuwadzala mu Okutobala. Asanathe masabata awiri onse anali atauma. Tata, amene kawirikawiri sankalangiza akuluakulu awo pantchito, anavula chipewa nanena kuti ngati ahedi akufunadi maluwa amenewa, awabweretse mvula ikamatha, kuti adzakule m'miyezi yozizira. A Chimphonda anamvera. Pochokera ku tchuthi cha Epulo anatsika basi atanyamula katoni yonyowa, ndipo nthawi iyi timitengoto tinagwira.

Anawadzala patsinde pa mlongoti wa mbendera, m'kamunda kamene anakagawa patatu potsatira mitundu ya mbenderayo. Kumtunda anayala makala osinja, kumunsi anadzala kapinga, ndipo pakati panali maluwa ofiira aja. Cholinga chinali chakuti pa chikondwerero cha ufulu wa dziko, kumayambiriro kwa Julaye, mlendo wolemekezeka wochokera ku boma adzaone mbendera iwiri, ina m'mwamba, ina pansi. Pofika mu Juni maluwawo anali atachita bwino kotero kuti amayi opita kuchigayo ankaima pampanda kuwayang'ana.

Kukongola kumeneko ndiko kunabweretsa a tcheyamani a nthambi ya chipani. Dzina lawo sindilemba, chifukwa ana awo alipo ndipo sanalakwe kanthu. Anafika panjinga tsiku lina, nazungulira kamundako kawiri, kenako anaitana Tata. Ngakhale onse awiri anali Ankhonde, a tcheyamani analankhula m'Chichewa, monga ankachitira akafuna kuti mawu awo amveke a Boma.

"Mwakalenga, maluwa awa tsopano si a ahedi ayi. Ndi a Boma. Zofiira izi ndi magazi a anthu amene anafera dziko lino. Likafota limodzi, ndidzafunsa inu."

Ine ndinali pafupi, nditanyamula ndowa. Ndinaona Tata akuvomera ndi mutu. Kuyambira tsiku limenelo maluwawo sindinawaonenso ngati okongola. Ndinkawawerenga m'mawa uliwonse.

Pano ndiyenera kufotokoza udindo umene ndinali nawo pasukulupo, chifukwa ndiwo unandisocheretsa. Ndinali woimba belu. Belulo linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo wa mango, kutali ndithu ndi makalasi, ndipo lamulo linali lakuti woimba belu azituluka phunziro lisanathe kuti akafike pamtengopo nthawi yake. Ndinkanyadira udindowu. Sindinkazindikira kuti chifukwa cha iwo, mathero a maphunziro ambiri sindinkawamva.

Sabata ina kumapeto kwa Juni a Chimphonda anatiphunzitsa za nyengo m'madera osiyanasiyana a dziko lathu. Atafika pa Dedza anaiwala buku. Anatiuza kuti kwawo, m'madambo a m'munsi mwa mapiri, munthu amadzuka m'mawa wa Juni n'kupeza udzu wayera ngati wathiridwa ufa. Anati chisanu chimenecho chimawaula masamba ngati moto, ndipo duwa limene dzulo lake linali lofiira limacha lili lakuda, litagwetsa mutu. Tonse tinadabwa, pakuti chinthu chotero sitinachionepo. Mnzanga wina anafunsa chimene anthu a kumeneko amachita. Iwo anayankha kuti mayi awo, akaona kuti mphepo yazizira kwambiri madzulo, amafunditsa maluwa ndi mbewu zanthete kuti chisanu chisazikhudze. Atangonena zimenezi anayang'ana wotchi yawo n'kundikodola ndi mutu. Ndinatuluka kukaimba belu. Chimene ndinatuluka nacho m'mutu chinali chimodzi: chisanu chimapha maluwa a ku Dedza, ndipo mankhwala ake ndi kuwafunditsa.

Lachisanu la sabata yomweyo kunabwera uthenga wakuti mlamu wawo wa Tata wamwalira ku Uraha, kumwera kwa boma lathu, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi za nthawi imeneyo. Tata ananyamuka m'mawa pamodzi ndi mkulu wina wa mpingo. Asanapite anandiitana nati, "Lusekelo, uthirire m'mawa ndi madzulo. Usachite china chilichonse." Tsiku lomwelo a Chimphonda nawonso anapita ku boma ku msonkhano wokonzekera chikondwerero.

Masana a Lachisanulo mwera unayamba. Unawomba mwamphamvu kuposa masiku onse a chaka chimenecho, n'kung'amba masamba a nthochi ndi kudzutsa fumbi pabwalo. Pofika nthawi yothirira madzulo, mano anga ankagundana. Ndinaima pa kamunda kaja, ndowa ili pansi, ndikuona maluwa akugwedezeka. Ndinaganiza motere, ndipo ndikupempha owerenga aone kuti maganizowo sanali a mwana wopulupudza: ngati ine, wobadwira kuno, ndikuzizidwa chonchi, ndiye kuti chisanu chimene ahedi ananena chafika. Mawa maluwawa adzacha ali akuda. A tcheyamani adzafunsa Tata.

Kuseri kwa sukulu kunali malata akale asanu amene anachotsedwa pa kanyumba kosungiramo makasu katagwa. Ndinaona kuti udzu ungauluke ndi mphepo, koma malata sangauluke ndikawapsinja. Ndinawakoka limodzilimodzi, ndipo lachitatu linandicheka m'dzanja lamanzere, chilonda chimene chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Ndinasanja njerwa m'mbali mwa gawo lofiira, n'kugoneka malatawo pamwamba, pafupi kwambiri ndi mitu ya maluwa. M'mbali monse ndinatseka ndi ziguduli kuti mphepo isapeze polowera. Ndinathira madzi ochuluka ndisanatseke, poganiza kuti akwanira masiku angapo. Nditamaliza ndinamanga dzanja langa ndi kansanza n'kupita kunyumba ndili wokhutira. Ndinkadziona ngati mwana amene wapulumutsa bambo ake.

Loweruka mphepo inaleka, kumwamba kunayera, dzuwa linawala monga liwalira kwathu. Ine ndinali kudambo ndi Mayi kumenya mpunga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinatuluka thukuta tsiku lonse, ndinavula malaya, koma sindinaganize n'kamodzi komwe za chimene dzuwa lomwelo linkachita pa malata aja. Lamulungu tinapita kutchalitchi, ndipo podutsa pasukulu ndinaona malata ali m'malo mwake, n'kusangalala. Ndinadzamva pambuyo pake kuti aphunzitsi awiri okhala pasukulupo anawaona, anthu ena ambiri anawaonanso, koma aliyense anaganiza kuti ndi lamulo la ahedi kapena la chipani. Nthawi imeneyo chinthu chimene chili pansi pa mbendera munthu sankachikhudza, ndipo sankafunsa.

Lolemba m'mawa ndinafika pasukulu ana ena asanabwere, kuti ndithirire. Nditanyamula lata loyamba, fungo linandimenya kumaso. Linali fungo la ndiwo zamasamba zimene zawiritsidwa n'kuiwalika mumphika. Maluwa onse anali atagona pansi. Masamba anali ofewa ngati nkhwani wofutsa, timitengo tinali tamadzimadzi, ndipo zofiira zija zinasanduka zoderako ngati chiwindi. Ndinayesa kudzutsa limodzi ndi chala, linathothoka. Ndinakoka malata aja kuwabwezera kuseri, ndinamwaza njerwa, ndinabisa ziguduli, ngati kuti pochotsa zimenezi ndichotsanso chimene chinachitika. Kenako ndinapita kukaimba belu loyamba.

A tcheyamani anafika nthawi ya m'mawa yomweyo, pamodzi ndi anyamata awiri a chipani ovala malaya ofiira. A Chimphonda, amene anabwerako Lamulungu madzulo osadutsa pabwalo, anaima pambali pa kamundako, kansalu kawo kali pakamwa. Ana tonse anatifoletsa m'mizere. A tcheyamani anayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwathu.

"Makala ali bwino. Kapinga ali bwino. Zafa ndi zofiira zokha. Amene wachita izi anasankha. Ndani anaika malata?"

Palibe anayankha. Ndinabisa dzanja langa lomanga kumbuyo. Anafunsanso kachiwiri ndi kachitatu. Ndinafuna kuulula, koma ndinayang'ana malamba a anyamata aja, ndipo ndinaleka. Ichi ndicho cholakwa changa chachikulu pa nkhani yonseyi, choposa cha malata.

Tata anatsika basi masana, atatopa, ali ndi zovala zomwe anapita nazo kumaliro. Sanafike ndi kunyumba komwe. Mmodzi wa anyamata aja anawadikira pamsewu n'kuwabweretsa pasukulu. Ife tinali m'kalasi, koma mawindo analibe magalasi, ndipo zonse zinkamveka.

"Mwakalenga, munali kuti?"

"Ku Uraha, bwana, kumaliro."

"Uraha uli kumwera. Ena akuti anakuonani mukulowera kumpoto. Akazi anu kwawo n'kuti?"

Tata anayandikira maluwawo. Anagwada pa kamundako, natola tsamba limodzi, nalifinya ndi zala, nalinunkhiza. Anafunsa chimene chinaikidwa pamwamba, ndipo anauzidwa kuti malata. Anadzuka n'kuyang'ana ku kalasi yathu. Maso awo anandipeza pawindo, natsikira pa kansanza ka m'dzanja langa, chifukwa ndinali nditagwira khoma. Anayang'ana kansanzako kanthawi kochepa kwambiri. Kenako anatembenukira kwa a tcheyamani.

"Ndine ndinaika, bwana, ndisanapite. Ndinalakwitsa."

Landirova inabwera kudzawatenga Tata dzuwa litapendeka. Kumene anawatengera sitinauzidwe, ndipo sikunali kwanzeru kufunsa.

Nditafika kunyumba ndinapeza Mayi atakhala pakhonde, mpunga umene ankapeta uli mbwee pansi, nkhuku zikudya osaziingitsa. Aneba amene masiku onse ankabwera kudzapempha moto kapena mchere, tsiku limenelo ankadutsa ngati nyumba yathu palibe. Ndinagwada n'kuwauza zonse m'Chinkhonde. Ndisanamalize anandigwira pakamwa ndi dzanja lawo lonunkha madeya, nandikokera m'nyumba.

"Usanene zimenezi panja. Ukakanena kwa a tcheyamani adzati ndakutuma ndine, ndipo andiwolotsa mtsinje, inu mutsale nokha. Pita kwa ahedi. Ulowere kuseri."

Ndinawapeza a Chimphonda mu ofesi yawo yaying'ono, atakhala osagwira ntchito iliyonse. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti malata ndinaika ndine. Sanakalipe. Anandiuza kuti nditseke chitseko, kenako anafunsa chifukwa chake. Ndinabwereza phunziro lawo lonse, udzu woyera ngati ufa, duwa lakuda, mayi awo ofunditsa mbewu.

"Amafunditsa ndi udzu, mwanawe," anatero motsitsa. "Udzu wouma, wopepuka. Ndipo ndinanena kuti m'mawa dzuwa likangotuluka amauchotsa. Ndinanenanso kuti kuno ku Karonga chisanu chotero kulibe, kuti kuzizira kwa kuno ndiko kukuwapatsa moyo maluwawa. Sunamve?"

"Ndinali nditapita kukaimba belu, sala."

Anayang'ana wotchi yawo, ngati kuti ndiyo yalakwa, naivula, naiika patebulo. Anatulutsa mapepala awiri ndi pepala la kaboni lokopera, nayamba kulemba. Analemba pang'onopang'ono, anang'amba pepala loyamba, nayambanso. Atamaliza anandiwerengera, akumasulira m'Chichewa chifukwa inali m'Chingerezi. Inali yopita kwa mkulu wa zamaphunziro ku boma, ndipo kope lake linali la akuluakulu a chipani. Mawu ake ndimawakumbukira motere:

"Bwana, ndikulemba mwaulemu kukudziwitsani za kuwonongeka kwa maluwa pa sukulu ino. Maluwawo ndinawabweretsa ndine kuchokera ku Dedza, kumene chisanu chimawononga zomera ndipo anthu amazifunditsa. Njira imeneyi ndinaiphunzitsa ndine pa sukulu ino, ndipo sindinaonetsetse kuti yamveka bwino. Chimene chinachitika chinachokera pa phunziro langalo, choncho udindo wonse ndi wanga. Wantchito wa sukulu anali kumaliro ku Uraha masiku onse atatu, monga akuchitira umboni mkulu wa mpingo amene anayenda naye, amene wasayina m'munsimu. Anavomera mlanduwu chifukwa cha mantha. Ine wanu womvera."

Ndinati, "Sala, dzina langa mulibemo."

"Mulibemo," anayankha. "Koma kodi mwapezeka bodza?"

Ndinaganiza, ndipo ndinapeza kuti munalibe bodza ngakhale limodzi. Anadinda kalatayo ndi chidindo cha sukulu. Potuluka ndinamva akazi awo, amene anali ataima pawindo, akuwafunsa ngati aiwala kuti nawonso ali ndi ana anayi ndipo kwawo n'kutali. Iwo anangoti, "Ndakumbukira, mayi." M'mawa mwake anapita kwa mkulu wa mpingo uja, amene anazengereza theka la tsiku asanasayine, kenako anakwera basi kukapereka kalatayo ndi manja awo.

Masiku otsatirawo anali aatali koposa onse amene ndakhalapo ndi moyo. Galimoto iliyonse ikamveka pamsewu, Mayi ankaimirira, osadziwa ngati ikubweretsa Tata kapena ikudzatenga iwo. Anamanga zovala zawo m'kachitenje n'kukaika kuseri kwa chitseko. Ine ndinkapitabe kusukulu, chifukwa kujomba kukanaoneka ngati kuvomera mlandu, ndipo anzanga ankasiya malo pakati pa iwo ndi ine pabenchi. Pakati pa kamunda kaja panali dothi lokhalokha, ndipo chikondwerero chinkayandikira. A tcheyamani anauza ahedi kuti mlendo akadzapeza mbendera yopanda zofiira, nkhaniyo idzakula kuposa pamene ili.

Amene anapeza njira anali Mayi. Tsiku lachinayi anandidzutsa m'mamawa, natenga khasu ndi madengu awiri, ndipo tinayenda kulowera kumadzulo mpaka pa timapiri tamiyala. Kumeneko kumamera chomera cha masamba onenepa, aminga m'mbali, chimene ambiri masiku ano amachitcha alovera. Amayi a kwathu ankachidula n'kuchiika m'madzi akumwa a nkhuku pa nthawi ya chitopa, ndipo palibe ankachiyesa duwa. Koma m'miyezi yozizira chimatulutsa phesi lalitali lokhala ndi maluwa ofiira pamwamba, ndipo tinapeza miyala yonse itafiira nacho.

"Ichi n'chakwathu," anatero Mayi akukumba. "Sichidziwa kufota. Ukachizula lero, sabata yamawa chidzakhalabe chilili."

Tinayenda maulendo atatu m'masiku awiri. Mikono yanga inadzaza mikwingwirima ya minga. A Chimphonda anavula jekete nadzala nafe okha, ana ena akuonerera patali. A tcheyamani atabwera anayang'ana, napotoza milomo, nati ndi mankhwala a nkhuku. Ahedi anayankha mwaulemu kuti ngati pali duwa lina lofiira limene lingapezeke masiku atatu asanathe, iwo ali okonzeka kulidzala. A tcheyamani anakwera njinga yawo n'kupita.

Tsiku la chikondwerero tinafola kuyambira m'mawa. Mlendo anafika mochedwa, natsika galimoto, amayi akuimba ndi kuvina. Ine maso anga anali pa nkhope yake, kudikira nthawi imene adzayang'ane pansi. Anadutsa pambali pa kamundako akulankhula ndi munthu amene anali kumanzere kwake, nakakhala pampando. Analankhula nthawi yaitali, anadya, anapita. Kamundako sanakayang'ane ngakhale kamodzi. Ndikunena izi motsimikiza, chifukwa sindinachotse maso pa iye.

Tata anabwera patapita masiku anayi chichitikire chikondwererocho. Anafika wapansi masana, atametedwa mpala, buluku likugwa m'chiuno. Mayi anangoti, "Ndaga," kumene ndi kuthokoza m'chinenero chathu, nakhala pansi pomwe anaimapo. Zimene anaona kumene anali, Tata sanatiuze tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse mpaka imfa yawo. Chimene tinaona n'chakuti khutu lawo lakumanja silinkamvanso bwino.

Ndinadikira chikwapu. Ndinachifuna ndithu, chifukwa ndinkaganiza kuti chikanandipepuza. Sichinabwere. Patapita masiku awiri, dzuwa lili pamutu, anandiuza kuti ndiwatsate. Tinapita kuseri kwa sukulu kumene kunali malata aja. Anakoka limodzi, naliika poyera, ndipo tinakhala pamthunzi kwa kanthawi. Kenako anati, "Gwira."

Ndinaika dzanja palatapo n'kulichotsa msanga. Linali lotentha ngati chiwaya.

"Gwiranso. Usachotse mpaka ndinene."

Ndinagwira. Sanachedwe kunena, mwina anawerenga mpaka zisanu, koma misozi inatuluka.

"Chimenecho ndicho chisanu cha kwathu," anatero. "Iwe unabadwira pano. Dzanja lako likanakuuza. Unamvera za dziko limene sunalione, n'kusiya kufunsa dziko limene waimapo." Kenako anawonjezera, "Za pamzere paja, pamene sunayankhe, zimene unauza amayi ako, usadzazinenenso. Ukanayankha, ndikananenabe kuti ndine."

A Chimphonda anachotsedwa pa udindo wa mphunzitsi wamkulu teremu itatha, natumizidwa kukaphunzitsa pa sukulu ina yaying'ono kumapiri a Chitipa. Tsiku lonyamuka, katundu ali pa lole, anagwira Tata dzanja naseka pang'ono, nati kumene akupitako majereniyamu akachita bwino. Sindinawaonenso. Ine ndinalekeza sukulu mu Sitandade 6, ndipo zina zonse zimene ndikudziwa, kuphatikizapo kalembedwe aka, ndinaziphunzira ndekha pogwira ntchito ya umesenjala m'maofesi, powerenga makalata amene ndinkanyamula asanamatidwe. Kalata yoyamba imene ndinaiona ikugwira ntchito inali ija, ndipo sindinaonenso ina yoposa imeneyo.

Ntchitoyo inandifikitsa m'madera angapo, ndipo kulikonse ndinkayang'ana maluwa m'miyezi yozizira. Ku Dedza ndinakhalako zaka zitatu. M'mawa wina wa Juni ndinaona ndi maso anga udzu woyera ngati ufa, ndipo ndinaona mayi wina wokalamba akuchotsa udzu wouma pa mbewu zake dzuwa litangotuluka, mosafulumira, monga chinthu chodziwika kwa aliyense. Ndinaima pamsewu mpaka anamaliza. Ku Mzuzu ndinaona kuti chowononga kwambiri ndi nkhungu ndi chinyezi, zimene zimaoletsa maluwa pamtengo. Ku chigwa cha Shire ndinapeza ngati kwathu, kuti miyezi yozizira ndiyo yokha imene duwa lanthete limapuma. Mwezi ndi umodzimodzi pa kalendala ya dziko lonse, koma kwina umapha, kwina umachiritsa.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti maluwa aja sanaphedwe ndi umbuli wokha. Mwana wosadziwa, akakhala kuti sakuopa, amafunsa. Panali aphunzitsi awiri pafupi, panali Mayi kunyumba, ndipo aliyense wa iwo akanandiuza kuti ndichotse malatawo. Ine sindinafunse chifukwa ndinkaopa, iwo anaona malata masiku awiri osafunsa chifukwa ankaopa, ndipo pamzere paja ndinakhala chete pa chifukwa chomwecho. Anthu awiri okha ndiwo analankhula, wina ndi pakamwa, wina ndi kalata, ndipo onse awiri analipira m'malo mwanga.

Lero pakhomo panga ku Iponga pali majereniyamu ochepa m'zitini, amene ndimawasunga pamthunzi m'miyezi yotentha ndi kuwatulutsa poyera mwera ukayamba. Pamanda a Tata sindinadzalepo amenewo. Ndinadzalapo chomera chaminga chija cha ku timapiri, ndipo chaka chilichonse kukazizira chimafiira chokha, popanda wochifunditsa.